Phunziro la Mwezi Uno: Kudyetsa Ng'ombe ya Mkaka pa Msipu

Mvula yakhazikika, ndipo kulikonse kumene tiponya maso kuli biriwiri. Ng'ombe zimene mu Okutobala zinali kuwerengeka nthiti tsopano zayamba kusalala, ndipo zigubu za mkaka zayamba kulemera. Pa nyengo yotere mlimi amayesa kuti nkhawa ya cakudya ca ziweto yatha. Ife tasankha dala kuika phunziro ili mu Disembala, cifukwa mkaka umene tidzakama mu Seputembala ndi Okutobala umakonzedwa m'masabata ano. Mmera ndi poyamba.

Ambiri a ife tili ndi ng'ombe ya mkaka imodzi kapena ziwiri. Ena tinagula ndi ngongole, ena tinalandira pa dongosolo lopatsirana, ndipo tili ndi mangawa a thole loyamba lalikazi kwa mnzathu amene akudikira. Ng'ombe yotere ikaonda, mkaka umatsika, ndalama ya sopo ndi ya zofunika kusukulu imasowa, ndipo coipitsitsa ndi cakuti imacedwa kutenga bere. M'malo mobereka caka ndi caka, imabereka kamodzi pa zaka ziwiri. Tonse tikukumbukira cilala ca 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi. Caka cimeneco cinasiyanitsa mlimi amene anali ndi udzu wosunga ndi mlimi amene anadalira chire lokha.

Cifu ca ng'ombe

Cifu ca ng'ombe cili ndi zigawo zinayi. Cigawo coyamba ndico cacikulu koposa, ndipo m'menemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso tosawerengeka. Ng'ombe payokha singagaye udzu. Tizilombo timeneti ndi timene timaphwanya udzu ndi kuusandutsa mphamvu, ndipo ng'ombe imatithandiza pobweza cakudya m'kamwa ndi kucitafunanso, kumene timati kubzikula. Conco podyetsa ng'ombe timakhala tikudyetsa tizilomboto coyamba.

Pali zinthu ziwiri zimene tiyenera kugwira pamenepa. Coyamba, tizilomboti timafuna puloteni kuti tigwire nchito. Puloteni ikacepera pa magawo 7 pa 100 a cakudya, timafooka, udzu umakhalitsa m'mimba wosagayika, ndipo ng'ombe imadya pang'ono ngakhale udzu uli mbwee pamaso pake. Caciwiri, tizilomboti timazolowera cakudya pang'onopang'ono. Cakudya catsopano cizilowetsedwa m'masiku 7 mpaka 14, tikuonjezera pang'ono tsiku ndi tsiku. Kusintha kwadzidzidzi kumatsegula m'mimba ndi kugwetsa mkaka.

Ng'ombe imadya zoculuka motani?

Tiyerekeze ng'ombe ya makilogalamu 400, monga zilili zambiri zobadwa mwa kusakaniza Friesian kapena Jersey ndi ng'ombe zathu za Angoni. Ng'ombe yokamidwa imadya cakudya couma cofika pafupifupi magawo 3 pa 100 a kulemera kwake, ndiko kuti makilogalamu 10 mpaka 12 pa tsiku. Koma udzu wauwisi wa m'dzinja ndi madzi kwambiri: pa magawo asanu, anayi ndi madzi. Kuti ipeze makilogalamu 10 mpaka 12 a cakudya couma, iyenera kudya udzu wauwisi wa makilogalamu 50 mpaka 60. Amene amamwetera ng'ombe yake udzu ayese mtolo wake pa sikelo tsiku limodzi. Ambiri amadabwa kupeza kuti mtolo umene amauyesa waukulu sufika ngakhale theka la muyeso umenewu.

Thupi la ng'ombe limagawa cakudya mwa dongosolo lake. Gawo loyamba limapita ku moyo wake: kupuma, kuyenda, kufunda kwa thupi. Cotsala ndico cimasanduka mkaka. Ici ndico cifukwa cake kucepetsa cakudya pang'ono kumagwetsa mkaka kwambiri, pakuti cimene timacotsa cimacoka ku gawo la mkaka. Ndiponso ng'ombe ya mtundu wa mkaka ikangobereka kumene, imasungunula thupi lake kuti ipitirize kutulutsa mkaka. Mwini amakondwa ndi cigubu kwa mwezi umodzi kapena iwiri, osadziwa kuti akukama mafuta ndi mnofu wa ng'ombe yake.

Msinkhu wa udzu

Udzu suli wofanana caka conse. Ukakhala wanthete, wamasamba ambiri, usanatulutse ngayaye, umakhala ndi puloteni yopitirira magawo 10 pa 100, ndipo umagayika msanga. Ukayamba kubereka mbewu, cakudya cimacoka m'masamba, phesi limauma ndi kulimba. Pofika Julayi ndi Ogasiti, udzu wa m'chire umene waumira ciimire umatsala ndi puloteni yosafika magawo 5 pa 100. Udzu wotere umadzaza mimba koma sudzaza cigubu.

Pamenepa pali msampha umene umakola ambiri. Mu Febuluwale ndi Malici udzu umafika m'mapewa, ndipo timati ng'ombe zili pabwino. Komatu ubwino wake umakhala utayamba kale kutha. Tsekera ndi wabwino pofolera nyumba, koma akakula ng'ombe imangobudula nsonga. Nchito ya mlimi wa mkaka ndi kusunga udzu pa msinkhu wanthete kwa nthawi yaitali monga angathere, ndi kumweta woculukawo usanakalambe.

Kadyetsedwe ka pa msipu

Ng'ombe imafuna maola pafupifupi 8 akudya pa tsiku, ndi ena otero akubzikula itagona. Imadya bwino mmamawa ndi madzulo kukazizira. Koma cizolowezi ca m'midzi yathu ndi kutsegula khola dzuwa litakwera ndi kutsekera lisanalowe. Potero ng'ombe imataya maola abwino koposa, nkufika pa msipu nthawi imene ikufuna mthunzi. Ng'ombe za magazi a Friesian zimavutika ndi kutentha koposa zathu zamakolo. Tizikama molawirira, ng'ombe ipite ku msipu dzuwa lisanatenthe, masana ipumule pansi pa mtengo pafupi ndi madzi, ndipo usiku ipeze udzu womweta m'modyera mwake.

Mtunda nawonso umadya mkaka. Ng'ombe yoyenda makilomita angapo kupita ndi kubwera imathera mphamvu m'njira. Siyenera kutsagana ndi gulu la m'mudzi kupita kutali. Kumeneko imatolanso nkhupakupa ndi matenda, ndipo ikhoza kukweredwa ndi nkhunzi imene sitinaisankhe. Msipu wake ukhale pafupi ndi pakhomo.

Njira imene timaphunzitsa pano ndi yodyetsa mosinthasintha. Malo a msipu tiwagawe zigawo zisanu ndi cimodzi. Ng'ombe idye m'cigawo cimodzi sabata imodzi, kenaka isamukire m'cina. Pamene idzabwerera m'cigawo coyamba, udzu udzakhala utapuma masabata asanu, ndiyo nthawi yokwanira kuti uphukenso m'dzinja. Ng'ombe ilowe udzu uli cakumunsi kwa maondo, ndipo ituluke udzu usanafike pansi. Tisiye utali wa cikhatho cimodzi. Udzu umakula ndi masamba ake, ndipo ukametedwa mpala kawirikawiri mizu imafooka, udzu wokoma umatha, malo nkulowedwa ndi zitsamba ndi udzu umene ng'ombe zimakana. Amene alibe waya angamange ng'ombe pa cingwe cacitali ndi kusuntha cikhomo kawiri pa tsiku, malinga ngati pali mthunzi ndi madzi. Mpanda uli ndi phindu linanso: mwana amene akanakhala ku ubusa amapita kusukulu.

Udzu wobzala

Msipu wacilengedwe wokha sukwanira ng'ombe ya mkaka. Monga poyambira, tipatule malima awiri kapena atatu pa ng'ombe imodzi ndi thole lake. Lima imodzi ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi. Tikudziwa kuti kupatula munda wa cimanga nkubzalamo udzu kumaseketsa anansi. Koma munda wa cimanga umalipira kamodzi pa caka, pamene munda wa udzu umalipira mmawa uliwonse kwa miyezi khumi ya kukama.

Nsenjere ndi udzu woyenera kumweta ndi kupereka m'khola. Timabzala zidutswa za phesi lokhwima za mfundo zitatu, ziwiri m'nthaka ndi imodzi kunja, motalikirana mita imodzi pakati pa mizere ndi theka la mita mumzere. Timamweta ikafika pafupifupi mita imodzi, ndiko kuti masabata 6 mpaka 8 aliwonse m'dzinja, ndi kusiya zitsa za masentimita 10. Nsenjere ikapitirira mutu wa munthu yasanduka bango. Tiziidula tizidutswa tisanapereke, kuti ng'ombe isasankhe masamba okha. Nsenjere imadya conde kwambiri, conco ndowe za m'khola zizibwerera m'mizere yake nthawi zonse tikamweta. M'mphepete mwa dimba imakhala yobiriwira mpaka m'cilimwe, ndipo pa migula imagwira nthaka kuti isakokoloke.

Udzu wa Rhodes ndi woyenera kudyetsa ng'ombe pamunda pomwepo, ndiponso ndi umene umauma bwino posunga. Mbewu yake ndi yaing'ono ndi yopepuka. Nthaka ikhale yosalala bwino, mbewu isakanizidwe ndi mcenga kuti iwazike mofanana, ndipo isakwiririke kupitirira sentimita imodzi. Kukokapo nthambi ya mtengo ndi kupondaponda nkokwanira. Nthawi yake ndi ino, mvula itakhazikika. Caka coyamba tisafulumire kulowetsamo ng'ombe; mizu iyambe yagwira.

Mbewu za m'gulu la nyemba ndi mitengo

Udzu umapereka mphamvu, koma puloteni yoculuka ili m'masamba a mbewu za m'gulu la nyemba. Kalongonda, nkhungudzu, nyemba ndi nyamundolo zimabzalika m'mphepete mwa munda kapena pakati pa cimanga, ndipo zimaonjezeranso conde m'nthaka. Kuno kum'mawa tili ndi cuma cimene ambiri timacitaya: masamba ndi mitengo ya nsawa tikatha kuthothola. Tikaziumitsa pamthunzi masamba asanayoyoke ndi kuzisunga pa thandala, zimaposa kutali mapesi a cimanga.

Alimi ambiri a m'cigawo cino anadziwa mitengo yobwezera conde kudzera m'kafukufuku wa ku Msekera, pafupi ndi Chipata. Mitengo ngati gilisidiya ndi lukina ili ndi nchito yaciwiri, pakuti masamba ake ndi cakudya ca puloteni yambiri, ndipo imapirira cilimwe koposa udzu. Ikabzalidwa mothinana m'malire, imakhalanso mpanda wamoyo. Masamba a gilisidiya ali ndi fungo limene ng'ombe zina zimakana. Tiwafotetse tsiku limodzi tisanapereke. Lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a cakudya ca tsiku, cifukwa akaculuka amadwalitsa ndi kusosola ubweya. Msangu nawo umagwetsa zipatso zake m'cilimwe, nthawi imene cakudya casowa, ndipo ana angathe kuzitola ndi kuzisunga m'matumba. Mitengo yaing'ono ichingidwe, cifukwa kukolola kukangotha mbuzi ndi ng'ombe za m'mudzi zimamasulidwa kuyenda paliponse. Nkwanzeru kukambirana ndi amfumu ndi anansi nthawi isanafike, kuti onse adziwe kuti munda wa udzu ndi munda ndithu.

Mfutso wa ng'ombe

Amayi amafutsa ndiwo zamasamba m'dzinja kuti banja lidye m'cilimwe. Nzeru yomweyo ndiyo ifunika pa ng'ombe. Tiwerenge pamodzi. Kucokera kumapeto kwa Meyi kufika kumapeto kwa Novembala pali masiku pafupifupi 180. Ngati ng'ombe idya makilogalamu 10 a udzu wouma pa tsiku, ifuna makilogalamu 1,800. Ngati mtolo umodzi wothinidwa m'bokosi ulemera makilogalamu 15, ndiye kuti mitolo 120 pa ng'ombe imodzi. Zotsala za nsawa, mapesi ndi nsenjere ya kudimba zimacepetsako ciwerengeroci, koma mlimi aliyense ayenera kudziwa ciwerengero cake asanaone mvula ikutha. Pang'onopang'ono ndi mtolo: banja lomanga mitolo inayi pa tsiku limafika pa 120 m'mwezi umodzi.

Udzu wosunga umwetedwe pamene ngayaye zangoyamba kutuluka, masiku a dzuwa. Uyanikidwe masiku awiri kapena atatu, ukutembenuzidwa, kufikira utauma koma ukadali ndi maonekedwe obiriwira ndi fungo lokoma. Usungidwe pa thandala, pansi pa denga. Ife eni tinalakwapo pa mfundo imeneyi. Caka cina manja onse anali ku cimanga, ndipo tinamweta Rhodes wathu mu Meyi atauma kale m'munda. Shedi inadzala mpaka kudenga, ndipo tinadzitama. Pofika Ogasiti ng'ombe zinali kungofwanyula mitolo ndi mphuno, kusiya mapesi m'modyera, ndipo mkaka unatsika sabata ndi sabata. Tinagula cakudya ca kusitolo ndi ndalama imene tinasungira zina. Kuyambira pamenepo masiku omweta udzu timawalemba pa kalendala monga timacitira ndi masiku obzala.

Nsenjere siuma bwino cifukwa ca phesi lake lalikulu. Iyo ndi cimanga cauwisi zimasungika m'dzenje, ndiwo mfutso umene alangizi amati sayileji. Timaduladula tizidutswa ta masentimita awiri kapena atatu, kuyala pulasitiki m'dzenje, kuthira pang'onopang'ono tikupondereza kwambiri kuti mpweya utuluke, kenaka kuphimba ndi pulasitiki ndi dothi. Pa nsenjere timawazamo molasesi wosungunula m'madzi, kapena gaga pang'ono, kuti iwire bwino. Pakapita masabata asanu ndi limodzi mfutso wapsa. Wabwino umanunkhira mowawasa pang'ono. Wakuda, wonunkha kapena wa nkhungu utayidwe. Mdani wa sayileji ndi mpweya ndi madzi a mvula.

Mapesi a cimanga asasiyidwe m'munda kuti apondedwe ndi kudyedwa ndi ciswe. Atutidwe msanga tikakolola, ndipo poperekedwa adulidwe ndi kusakanizidwa ndi masamba a nyemba kapena a mitengo ija. Pozungulira msipu ndi posungira udzu tilambule njira yochinga moto mwezi wa Meyi usanathe, pakuti moto wa osaka mbewa ukhoza kutha nchito ya caka conse m'ola limodzi.

Cakudya coonjezera, madzi ndi mcere

Msipu wabwino wa m'dzinja umakwanitsa moyo wa ng'ombe ndi malita 7 kapena 8 a mkaka. Ng'ombe yotha kupereka oposa pamenepo ifuna coonjezera. Muyeso wosavuta ndi uwu: kilogalamu imodzi pa malita awiri aliwonse opitirira pa amene udzu ukwanitsa. Ng'ombe ya malita 14 pa msipu wokwanitsa malita 8 ilandire makilogalamu atatu, theka pokama mmawa ndi theka madzulo. M'cilimwe udzu wouma umakwanitsa malita ocepa, conco coonjezera cimakwera. Gaga yekha ali ndi mphamvu koma puloteni yake ndi yocepa. Tisakanize miyeso iwiri ya gaga ndi muyeso umodzi wa zotsala za mpendadzuwa kapena za njere za thonje akafinya mafuta, zimene ambiri amati keke, miyesoyo ikhale ya pa sikelo. Coonjezera cimapindula koposa m'miyezi itatu yoyamba ng'ombe itabereka, pakuti mkaka umafika pacimake pa masabata 6 mpaka 8. Miyezi iwiri isanabereke tileke kuikama, koma tisaleke kuidyetsa bwino.

Pa magawo 100 a mkaka, 87 ndi madzi. Ng'ombe yokamidwa imamwa malita 60 mpaka 80 pa tsiku, ndipo mu Okutobala imapitirira. Zimenezi ndi zigubu zitatu kapena zinayi za malita 20. Kumwetsa kamodzi pa tsiku ndi njira yacidule yotayira mkaka. Madzi akhale aukhondo ndipo apezeke nthawi zonse, pamodzi ndi mcere wonyambita wokhala ndi kashiamu ndi fosiforasi. Ng'ombe yotafuna mafupa, nsanza kapena dothi ikutiuza kuti mcere ukuisowa.

Zoopsa za pa msipu

Ng'ombe yanjala ikalowa m'munda wa nyemba zanthete zonyowa ndi mame, mimba imafufuma kumanzere, ndipo ikhoza kufa m'maola ocepa. Iyambe yadya udzu wouma, ndipo mame ayambe akamuka. Mapira ophukira pa zitsa, makamaka pambuyo pa ng'amba, ali ndi ululu wakupha. Lantana, citsamba ca maluwa okongola cimene cafala m'mphepete mwa misewu, cimaononga ciwindi; cizulidwe. Mapepala a pulasitiki atoledwe pa msipu. Gaga kapena keke ya nkhungu isaperekedwe, cifukwa ululu wake umalowa mu mkaka umene ana athu amamwa. Madambo a madzi oima amabweretsa nyongolotsi za m'ciwindi. Ndipo udzu wa m'dzinja umabwera ndi nkhupakupa, zimene zimafalitsa East Coast fever, matenda amene amapha msanga ng'ombe za mtundu wa mkaka. Kupopera kapena kusambitsa m'dibi sabata iliyonse m'dzinja, ndi kufunsa alangizi a ziweto za katemera wa mathole, ndi mbali ya nchito yomweyi.

Ng'ombe imanena yokha

Mmawa uliwonse tiime kumanzere kwa ng'ombe ndi kuyang'ana dzenje la pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'ciuno. Likakhala lolowa kwambiri, siinakhute dzulo. Tiyang'ane ndowe: zolimba ndi zouma zionetsa cakudya cokalamba ndi kucepa kwa puloteni kapena madzi, zamadzimadzi zionetsa udzu wanthete kwambiri kapena matenda, ndipo zabwino zimaunjikana mofewa ngati phala lolimba. Tione ngati ikubzikula popuma. Pomaliza, tilembe m'kabuku malita a mmawa ndi a madzulo tsiku lililonse. Kabuku kamaona kutsika kwa mkaka maso asanaone kuonda kwa ng'ombe.

Zocita mwezi uno

1. Pimani malo a udzu, ndipo bzalani nsenjere ndi Rhodes Januwale asanafike pakati.
2. Gawani msipu m'zigawo, ndipo yambani kusinthasintha.
3. Yesani pa sikelo mtolo wa udzu umene mumapereka pa tsiku.
4. Werengani mitolo imene ng'ombe zanu zidzafuna m'cilimwe, ndi kukonza posungira.
5. Yambani kabuku ka mkaka.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi ng'ombe yanu imatuluka m'khola nthawi yanji, ndipo imadya maola angati pa tsiku?
2. Caka catha, mkaka unayamba kutsika mwezi uti? Ng'ombe inali kudya ciani pa nthawiyo?
3. Kodi zotsala za nsawa ndi mapesi a pamunda panu zinapita kuti?
4. Ndani m'gulu lanu ali ndi nsenjere kapena mbewu ya mitengo yogawirako anzake, ndipo mudzakatenga tsiku liti?

Mayankho anu mubwere nawo pa tsiku la maphunziro likudzali, pamodzi ndi zikwakwa zanu, pakuti tidzamweta ndi kuyesa nsenjere pamunda wa citsanzo.